Chidindo Chofiira pa Kalata ya Marnie

12 Seputembala

Mlongo wanga Curtis,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko, ndipo chifuwa chija chinakusiya. Kuno tili bwino, kupatula bondo langali lomwe layamba kale kulosera za chisanu.

Unandipempha kuti ndizikuuza zonse za kusukulu kwa mwana wako, ndiye tchera khutu. Marnie wayamba Sitandade 2. Aphunzitsi ake ndi Mayi Okerlund, mayi wamtali, wolankhula motsitsa, wa nsapato zokhala ngati zachimuna. Lachisanu lililonse amaika kapepala m'chikwama cha mwana aliyense kouza makolo zomwe zachitika sabata imeneyo ndi zomwe zikubwera. Ka lero ndakapeza katanyowa ndi madzi a maapozi, koma kakuwerengeka. Pa 24 ajambulitsa zithunzi. Pa 1 Okutobala apita kumunda wa maungu kwa a Lahti. Pa 6 Novembala makolo akakumana ndi aphunzitsi, ndipo kholo lake ndikhala ine, munthu amene sindinasinthepo thewera la mwana chibadwire.

Masamu akukhoza, watengera iwe. Kuwerenga ndiye kuli ntchito. Anzake ayamba timabuku, iye akadali kuloza chilembo chimodzichimodzi ndi chala, ndipo akafika kumapeto kwa mawu amakhala ataiwala koyambira. Mayi Okerlund akuti mwana amagwira msanga akakhala ndi munthu womulembera. Ndiye anandifunsa ngati Marnie angamalembere bambo ake “ku Alaska kuja.” Ndinangogwedeza mutu, manyazi atandigwira.

Curtis, bodza ili landitopetsa. Miyezi isanu ndi umodzi tsopano ndikumuuza mwana kuti bambo ake akugwira ntchito kumgodi kopanda foni, chonsecho uli m'ndende, mtunda wa maola anayi okha pagalimoto. Makalata ako ndimakawatenga kubokosi lomwe ndinatsegula kupositi, envulopu ya chidindo cha ndende n'kutaya komweko, kenako kudzamuwerengera patebulo ngati zoona. Dzulo anandifunsa ngati unaonapo chimbalangondo choyera. Ndinamuyankha kuti ziwiri.

Ndine mlongo wako,
Lorna

19 Seputembala

Achemwali,

Moni wochokera kuno. Chifuwa chatha, ndipo andiika ntchito yochapa zovala, ndiye masiku akuyendako.

Kapepala ka aphunzitsiko muzindikoperako konse, ngakhale mndandanda wa chakudya cha masana. Musaseke. Kuno masiku onse ndi ofanana, koma ndikadziwa kuti Lachiwiri mwana wanga akumwa supu ya tomato, Lachiwirilo limasiyanako ndi Lolemba.

Tsiku la zithunzi musamumange tsitsi mothina. Mutu umamupweteka, ndiye atuluka atakwinya nkhope ngati mwamulanda chinthu. Malemu mayi ake ankangolipesa n'kulisiya.

Za bodzalo ndakumvani, ndipo ndikudziwa kuti ndinakusenzetsani katundu wanga. Koma taganizani. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, mayi anamwalira, nyumba anasamuka, sukulu ndi yatsopano, ndiye amvenso kuti bambo ake ndi mkaidi? Mwayi wake kwanuko palibe wondidziwa. N'chifukwa chake sindiimbanso foni, poti makina aja amayamba alengeza kaye komwe foni ikuchokera, ndiye atayankha iyeyo zingathe bwanji? Ndatsala ndi chaka ndi miyezi iwiri. Ndipirireni, ndidzamuuza ndekha akadzakula pang'ono.

Kulemba, mlekeni alembe. Ndikufuna kuona dzanja lake, ngakhale zilembo zikhale zoyang'ana cham'mbuyo. Tsamba lachiwirili ndi lake, mumuwerengere. Ndaikamo zimbalangondo zanu ziwiri zija kuti tisasiyane mawu.

Wanu,
Curtis

3 Okutobala

Curtis,

Tili bwino tonse. Konzeka, kalata ya mwana wako yanyamuka dzulo.

Yamutengera masiku atatu, lilime lili panja. Mzere uliwonse waulemba ndi chekeni cha mtundu wake. Watola masamba asanu a mtengo wa mepulo wa pakhomo pano, ofiira kwambiriwo, n'kundiumiriza kuti tiwasite pakati pa mapepala monga anachitira m'kalasi. Simbi yanga ikununkha thengo mpaka lero. Kenako wawamata ndi guluu wochuluka moti kalata yalemera ngati sangweji. Sabata ino aphunzira kulemba keyala ya kunyumba, ndiye anakana kuti ndikhudze pakona ya envulopu. Walemba yekha dzina lake, nambala ya nyumba, msewu, zonse. Keyala yakoyo ndinalemba ine nditafika kupositi, iye ali kusukulu.

Kumunda wa maungu ndinapita nawo ngati kholo lothandizira. Ana makumi awiri ndi atatu pangolo ya udzu yokokedwa ndi thirakitala, ine pakati, bondo likulira. Lamulo la Mayi Okerlund n'lakuti aliyense asankhe dzungu lomwe angafike nalo yekha kubasi. Mwana wako anasankha chidzungu chopindika, chachikulu kuposa mutu wa ng'ombe, n'kumachigubuduza ndi mwendo munda wonse. Aphunzitsi anati, “Marnie, limenelo lakukulira.” Iye osacheuka n'komwe, anangoti, “Ndifika nalo.” Basi yonse inamudikira mphindi khumi, ndipo anafika nalodi. Liuma limeneli si la kwa mayi ake.

Kapepala ka lero kakuti ana aziwerenga mphindi khumi ndi zisanu tsiku lililonse. Ife tikupitirira pamenepo. Chiyambireni kulemba kalata ija akuwerenga chilichonse, katoni ya mkaka, zikwangwani za mumsewu, ngakhale botolo langa la mankhwala. Akadali pang'onopang'ono, koma sakusiyira panjira.

Akatsika basi masana amathamangira kubokosi la makalata la kumsewu, chikwama chili kumsana. Ndamuuza kuti makalata a ku Alaska amafikira kupositi, koma ndani amve. Yankha msanga.

Lorna

15 Okutobala

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Kalata yanu ya pa 3 inafika pa 7. Ya Marnie, yomwe munati inanyamuka tsiku limodzi patsogolo, mpaka lero kulibe. Masana aliwonse akamaitana mayina a olandira makalata ndimaima pafupi ndi chitseko ngati mwana wodikira maswiti. Anzanga ayamba kundiseka, akuti, “Haapala, chibwenzicho chakusiya, khala pansi.” Ndafunsa woyang'anira kawiri, akuti iye sagwira kumakalata.

Ndifunse mosapita m'mbali, ndipo mundikhululukire. Munaitumizadi? Kapena mwaisunga kuti ndimve kuwawa, ndivomere zomuuza zoona? Ndimakudziwani, mukafuna chinthu mumadziwa pogwira. Ngati ndi choncho, mwandipweteka ndithu.

Sindikufuna mwana azidikira pachabe. Patsamba lakelo ndalemba kuti kalata ndalandira, kuti masamba ndi okongola ndipo ndawapachika pamwamba pa bedi langa. Munandifotokozera bwino, ndiye sindinavutike. Mumuwerengere momwemo.

Curtis

24 Okutobala

Curtis,

Moni ndikupatsa chifukwa mayi anatilera bwino, osati chifukwa ukuyenera.

Ine kusunga kalata ya mwana? Ine amene ndimadzuka m'mamawa kukasambitsa okalamba, masana n'kuthamangira basi ya sukulu, Loweruka n'kumasita masamba ngati wamisala? Ndinaima pamzere kupositi, ndinaona ndi maso anga akuiponya m'thumba. Ukanakhala pafupi ndikanakukoka khutu monga ndinkachitira kale. Koma zimenezo tisiye, pali nkhani yoposa pamenepa.

Marnie wasintha, ndipo sindikudziwa chomwe chalowa. Zinayamba kalata yako isanafike. Kubokosi la kumsewu anasiya kupitako. Amatsika basi, kulowa m'nyumba, kutseka chitseko cha kuchipinda. Ndinaganiza kuti watopa kudikira, ndiye tsamba lako litafika ndinasangalala, ndinati mankhwala apezeka. Ndinamukhazika patebulo n'kumuwerengera. Nditafika pa masamba opachika pamwamba pa bedi, anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Akuti awapachika?” anafunsa.

“Eya, tamvera, akuti ndi okongola.”

“Onse asanu?”

“Onse kumene,” ndinatero ine.

Anakankha mpando n'kuchokapo, chakudya osachikhudza.

Kapepala ka lero kali ndi za chikondwerero cha Halowini, kuti ana abwere atavala zovala zawo zoseketsa Lachisanu likudzali, koma malupanga apulasitiki ayi. Pansi pake Mayi Okerlund alembapo ndi dzanja kuti Marnie akukana kuwerenga mokweza m'kalasi, ndipo ana atauzidwa kulemba za banja lawo iye anapereka pepala loyera. Chovala cha Halowini akuti sakufuna. Chidzungu chija chikuwolera pakhonde osachisema nkhope monga ana amachitira pa Halowini, ndipo agologolo achiyamba kale.

Ndamufunsa ngati wina akumuvutitsa m'basi, akuti ayi. Ngati akudwala, ayi. Ndili ndi mantha, Curtis. Sindinalerepo mwana, sindikudziwa ngati izi zimatha zokha.

Lorna

29 Okutobala

Achemwali,

Pepani, pepani ndithu. Ndinakunamizirani.

Lero andipatsa kapepala kochokera ku ofesi ya makalata, katachedwa masabata atatu. Kalata ya Marnie inafika kuno pa 6, koma anaikana. Chekeni, guluu, masamba, zonsezo n'zoletsedwa, poti ena amabisamo mankhwala ozunguza bongo. Amalola pepala loyera, pensulo kapena cholembera, basi. Zili m'kabuku ka malamulo kamene anakutumizirani nditangolowa. Inu simunakawerenge, ine ndinakawerenga koma osakumbuka kukuchenjezani, ndiye wolakwa ndine.

Chomwe chikundiopsa ndi mzere womaliza wa kapepalaka. Akuti anaidinda n'kuibweza ku keyala ya wotumiza pa 8.

Achemwali, munati pakona ya envulopu analemba ndani? Keyala yake iti, ya kupositi kapena ya kunyumba? Ndipo amayamba kufika kubokosi la kumsewu ndani?

Fufuzani m'chipinda mwake. Ndiyankheni tsiku lomwelo.

Curtis

7 Novembala

Mlongo wanga,

Kalata yako inandipeza Lolemba. Ndinatembenuza chipinda chonse, pansi pa matiresi, m'nsapato zoyendera pa chipale chofewa, kuseri kwa kabati, osapeza kanthu. Kumufunsa ndinaopa.

Dzulo linali tsiku lokumana ndi aphunzitsi. Anandikhazika pa kampando ka ana, maondo akufika pachibwano. Mayi Okerlund anayamba ndi zabwino monga amachitira. Masamu ali patsogolo. Kuwerenga, atamuyesa payekha, wadumpha kuposa mwana wina aliyense m'kalasimo. Kenako anatseka chitseko, anatsegula desiki ya Marnie, n'kutulutsa envulopu ija pansi pa mabuku.

Yatha m'mbali ndi kugwiridwa. Keyala yomwe ndinalemba ine ili pomwepo, dzina lako, nambala yako, dzina la ndende. Pamwamba pake chidindo chofiira chachikulu, YAKANIDWA. Pansi pa chilembo chilichonse pali kadontho ka pensulo, monga amawaphunzitsira akamalimbana ndi mawu ovuta. Chidindo chonse, keyala yonse, madontho okhaokha.

“Ndaipeza Lachiwiri,” anatero Mayi Okerlund. “Sindinamufunse kanthu, ndinati ndiyambe ndaonana nanu. Mayi Haapala, m'kalasi muno Marnie si woyamba kukhala ndi kholo kumeneko. Mukanandiuza.”

Ndinalira pa kampando kaja, mayi wamkulu ine, makolo ena akudikira pakhonde.

Titafika kunyumba ndinaika envulopu patebulo. Marnie sanadabwe.

“Ndinawerenga ndekha, azakhali,” anatero. “Zinanditengera masiku atatu. Mawu aataliwo ndinakafufuza m'buku lalikulu lomasulira mawu la kulaibulale.”

“Bwanji sunandiuze, mwana wanga?”

“Inunso simunandiuze.”

Ndinamufotokozera kuti si iwe unaikana, kuti ndi lamulo la chekeni ndi guluu, kuti iwe sunaione n'komwe. Ndinaganiza kuti ndikukuthandiza. Iye anangoti, “Nanga masamba anawapachika bwanji?” Patapita kanthawi anafunsanso, “Zimbalangondo zija, zinali zanu kapena zawo?” Ndinavomera kuti ndinayambitsa ndine.

Wafunsa chomwe unalakwa. Sindinamuuze, zimenezo ndi zako. Koma dziwa izi. M'mawa uno popita kubasi wandiuza kuti kwa aphunzitsi azingonena kuti alibe bambo, n'kosavuta. Sananene mokwiya, ananena ngati akundiuza kuti mkaka watha. Mwanayu akukutaya, Curtis, ndipo ine sindingamugwirire m'malo mwako. Mlembere iyeyo, ku keyala ya kunyumba, zilembo zikuluzikulu. Ine sindimuwerengera. Ukatchulamonso Alaska, usadzandilemberenso.

Lorna

12 Novembala

Marnie, mwana wanga,

Ndine adadi ako. Kalata iyi uwerenge wekha. Usafulumire.

Sindili ku Alaska. Sindinapiteko chibadwire. Ndili m'ndende, monga unawerengera.

Chaka chatha ndinamwa mowa, kenako ndinayendetsa galimoto. Ndinagunda galimoto ya bambo wina. Bamboyo sanafe, koma mwendo wake sudzayendanso bwino. Ali ndi ana awiri. Sanalakwe kanthu. Ndinalakwa ndine, ndipo woweruza sanalakwitse kundiika muno.

Ndinapempha azakhali ako kuti akunamize. Iwo sankafuna. Ndinkati ndikukuteteza, koma zoona zake ndinkachita manyazi. Ndinkaopa kuti ukadziwa, usiya kundikonda.

Kalata yako sindinaione. Masamba ako sindinawaone. Ndinanama kuti ndawapachika. Pamwamba pa bedi langa palibe kanthu, pali khoma lokha. Bodza limenelo ndi lomwe likundipweteka kwambiri, chifukwa unali utagwira kalatayo m'manja pamene unkalimva.

Muno sandimenya. Ndimadya katatu. Ndimachapa zovala za anthu ambiri. Ndidzatuluka chaka chamawa mu Novembala, iwe uli Sitandade 3.

Ukhoza kundikwiyira. Ukhoza osandiyankha. Ine ndizilemba sabata iliyonse, ndipo ndizilemba zoona zokhazokha, ngakhale zosasangalatsa.

Ndamva kuti ukuwerenga bwino. Ndikunyadira, ngakhale ndikudziwa chomwe unaphunzirirapo.

Ndimakukonda.
Adadi

21 Novembala

Curtis,

Tili bwino. Chipale chofewa choyamba chagwa Lachiwiri, ndipo theka la kalasi silinabwere Lolemba poti abambo awo anawatenga kosaka agwape.

Kalata yako Marnie anaitenga yekha m'bokosi. Anapita nayo m'galaja, anakhala pa matayala akale aja pafupifupi ola lathunthu, jekete osavula. Ndinkamuonera pawindo la kukhitchini, mbale imodzi ndinaitsuka katatu. Atalowa anandifunsa funso limodzi lokha, ngati ana a bambo uja amapita kusukulu. Ndinati ndikuganiza choncho. Anangoti, “Oo,” n'kukasamba m'manja.

Sanalembe kanthu, ndipo sindikumukakamiza. Yachiwiri ija yafika dzulo, waiwerenganso, waiika m'thumba la jekete. Kapepala ka lero kakuti malipoti atuluka Lachiwiri, ndipo Lachitatu ana achita kasewero ka chikondwerero cha Tsiku Lothokoza. Mwana wako ndi chimanga. Alibe mawu oti anene, angoima kumbuyo atavala chikasu, ndipo akuti ndi zomwe anasankha yekha.

Usayembekezere zambiri. Koma usasiye kulemba.

Lorna

28 Novembala

Adadi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Iyi ndalemba ndi pensulo. Azakhali andiwerengera malamulo onse, ndi ambiri.

Dzulo pa Tsiku Lothokoza tinadya nkhukundembo kwa anzawo a azakhali. Inali youma. Pa sewero Dustin wa m'kalasi mwathu anaiwala mawu ake ndipo analira.

Ndikadali wokwiya. Ndikuuzani ndikasiya.

Lipoti langa latuluka. Masamu ndakhoza kwambiri. Kuwerenga ndakhoza. Kugwira ntchito ndi anzanga akuti ndiyesetse. Pansi pali mzere woti kholo lisaine. Azakhali anatenga cholembera koma ndinati dikirani. Ndinafunsa Mayi Okerlund ngati munthu wa kundende amaloledwa kusaina. Anati eya, ngati ndi kholo. Ndinati ndi kholo. Anandipangira fotokope poti pepala lenileni ndi lolimba mwina alikana. Anati anzanga abweza Lolemba koma ine andidikira.

Sainani pamene ndaika kamtanda. Mubweze ku keyala ya kunyumba, ndikatenga ndekha.

Ngati iyi siifika, munene kuti sinafike.

Marnie Haapala
Sitandade 2